Kodi Galamala ndi Muyeso wa Nzeru?

Pali funso limene limandisowetsa tulo, abale anzanga. Kodi nkoyenera kuyesa nzeru za munthu ndi galamala ya chiyankhulo chimene sanayamwire?

Taganizani za mwana wa kwa Kanyenda ku Nkhotakota. Atate wake akadzuka nkuona mwera ukuwinduka, amati "nyanja yakwiya lero." Munthu akamwalira, agogo amati "watsikira kuli chete." Mwanayo amamva bwinobwino popanda womumasulira. Koma pa mayeso a Chingerezi akamufunsa za personification kapena euphemism, amangoti kakasi, chonsecho ndi zomwezo wakhala akumva chibadwire. Nsinjiro za chiyankhulo anali nazo kale. Chamusowa ndi dzina lachingerezi basi.

Mlandu wake si waung'ono. Ku MSCE, wolephera Chingerezi salandira satifiketi ngakhale masamu atakhoza motani. Malamulo a dziko lino a 1994, pa gawo 51, amati phungu adzitha kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kutenga mbali m'zokambirana za Nyumba ya Malamulo. Ndiye kuti mkulu wodziwa kuweruza milandu pabwalo atha kutsekeredwa kunja chifukwa cha past tense. Mwambowu unazika mizu kale: Kamuzu yemwe, amene mu 1968 boma lake lidakweza Chichewa kukhala chiyankhulo cha fuko, ankayankhula pamisonkhano m'Chingerezi, wina nkumamasulira.

Inetu sindikuti titaye Chingerezi ayi. Jack Mapanje adalemba Of Chameleons and Gods m'Chingerezi chomwecho, nabisa chilungamo m'mafanizo pa nthawi imene kuyankhula poyera kunali kudziputira tsoka. Adamangidwa mu 1987, natuluka ku Mikuyu mu 1991. Amene ankamuopa ankaopa zimene mafanizowo ankanena, osati kuwongoka kwa galamala yake.

Apa mpamene pagona nkhani. Galamala ili ngati khasu: imaphunziridwa, imanoledwa, ndipo wopanda khasu amavutikadi kumunda. Koma kukhala ndi khasu lakuthwa sikuti ndiwe mlimi.

Tchimo lathu ife a m'tauni ndi kuseka. Munthu akaphonya Chingerezi pa wailesi timagwa nacho chiphwete, osamvanso ngati zimene wanenazo nzoona. Wina akanama m'Chingerezi chosalala timamuombera m'manja, eti ndi wophunzira.

Aphunzitsi, yambirani pa zining'a zimene mwana wabwera nazo kuchokera kwawo, kenaka mumuuze dzina lake m'Chingerezi. Enafe tidziyamba tafunsa ngati munthu wanena zoona, za galamala zibwere pambuyo.