Mazira a ku Grantham: kodi ndani woyenera kuimikidwa pamwamba?

Kum'mawa kwa England kuli cigawo cochedwa Lincolnshire, dera lacidikha la minda ya tirigu ndi mbatata. Matawuni ambiri akumeneko ali ndi munthu wawo wamkuwa woimirira pabwalo la msika. Ku Grantham, pamalo ochedwa St Peter's Hill, pali ciboliboli ca Isaac Newton, katswiri wa sayansi amene anaphunzira sukulu m'tawuniyo. Iye anamwalira mu 1727, ciboliboli cake n'kudzaimikidwa mu 1858. Capafupi pomwepo, pa 15 Meyi 2022, anaimikapo cina ca Mayi Margaret Thatcher, mwana wa mwini golosale wa m'tawuni yomweyo, amene anakhala nduna yaikulu ya Britain kuyambira 1979 mpaka 1990. Pasanathe maola angapo munthu wina anacigenda ndi mazira. Mwezi usanathe ena anacithira penti yofiira.

Newton palibe amamugenda. Ndiye funso langa, abale anga owerenga, ndi ili: kodi n'koyenera kuumba munthu ndi mkuwa, n'kumukweza pamwamba pa anzake, pamene mlandu wake anthu adakakambirana? Nanga wogenda mazirayo, walakwira ndani?

Ciboliboli ca Mayi Thatcher sicinapangidwire Grantham. Wosema wake, Douglas Jennings, anacikonzera bwalo la pafupi ndi nyumba ya malamulo ku London, koma khonsolo ya Westminster inacikana mu 2018. Ankaopa kuti anthu aciwononga, komanso kumeneko ali ndi lamulo loti pazidutsa zaka 10 munthu atamwalira asanamuimikire cikumbutso. Mayiwa anamwalira mu 2013. A ku Grantham atacilandira anacikhazika pa tsinde la mwala lopitirira mamita atatu kuti manja asafikepo, n'kuikanso kamera yocilondera. Kutalika kwa tsindelo kukundiuza zambiri kuposa nkhope ya mkuwayo. Omanga ankadziwa okha kuti pansi pali anthu okwiya.

Mkwiyowo uli ndi pocokera. M'zigawo zoyandikana ndi Lincolnshire, monga Yorkshire ndi Nottinghamshire, mudakali anthu amene anaona sitiraka ya ogwira nchito m'migodi ya malasha ya 1984 mpaka 1985, ndi kutsekedwa kwa migodi kumene kunatsatira. Ena, m'matawuni omwewo, amati mayiwa anadzutsa cuma ca dziko cimene cinali citagona, ndipo amanyadira kuti anali mkazi woyamba pa mpando umenewo. Ngakhale ife a ku Mosambiki sitingawapime ndi muyeso umodzi. Anakana kuti dziko la South Africa la tsankho lilangidwe mokwanira pa zamalonda, panthawi imene boma limenelo linkasonkhezera nkhondo kwathu kuno. Koma mayi omwewo ankamvana ndi a Samora Machel, ndipo asilikali a Britain ankaphunzitsa asilikali athu ku Nyanga, m'dziko la Zimbabwe, kumene iwo anakaceza mu 1989 pamodzi ndi a Chissano ndi a Mugabe. Munthu mmodzi, milandu iwiri. Ciboliboli cili ndi nkhope imodzi yokha.

Lamulo la zaka 10 lija limamveka lanzeru. Nafenso sitimanga ciliza tsiku la maliro; timadikira dothi likhazikike, misozi iume, acibale amvane. Koma mlandu suwola, ndipo matawuni ena a Lincolnshire akuonetsa kuti nkhani siyagona pa kuwerenga zaka.

Taonani ku Boston. Pafupi ndi chalichi cacitali ca St Botolph pali ciboliboli ca Herbert Ingram, amene anayambitsa nyuzipepala ya zithunzi ya Illustrated London News mu 1842. Iye anamira m'nyanja ya Michigan ku America mu 1860, pamodzi ndi mwana wake wamwamuna, ndipo mu 1862 ciboliboli cinali citaima kale. Zaka ziwiri zokha. Komatu cimene a ku Boston ankamuthokozera cinali cooneka: anathandiza kubweretsa madzi abwino a m'mipope m'tawuni imene inkavutika ndi madzi. Aliyense wodutsa pamenepo akanatha kutsimikiza yekha nkhaniyo ndi cikho cake.

Ku Spilsby zinthu zinayenda mwina, ndipo apa ndi pamene ndikufuna tikhalitse. Pamsika wa katawuni kameneka pali Sir John Franklin, mwana wa pomwepo, ndipo mawu olembedwa patsinde amamuchula kuti ndiye anatulukira njira ya panyanja yodutsa kumpoto kwa Canada, yolumikiza nyanja ya Atlantic ndi ya Pacific. Franklin ananyamuka mu 1845 ndi zombo ziwiri, Erebus ndi Terror. Zombozo zinagwidwa m'madzi oundana, ndipo mwa amuna 129 amene anali m'menemo palibe anabwerako. Mu 1854 dokotala wina wa ku Scotland, John Rae, anabwera ndi uthenga umene anamva kwa a Inuit, eni dera lozizira lija. Iwo anati anaona azungu akuyenda wapansi ali ndi njala yoopsa, ndipo mitembo imene inapezeka pambuyo pake inkaonetsa kuti otsala anafika podya anzawo omwalira. Mkazi wa Franklin, Lady Jane, sanafune kumva zimenezo. Wolemba mabuku wochuka Charles Dickens analemba monyoza a Inuit, kunena kuti mawu a anthu otere sangakhulupiridwe. Kenaka ziboliboli zinayamba kuima, ca ku Spilsby mu 1861.

Patapita zaka zoposa 100, ofufuza anapeza zipsera za mpeni pamafupa a amalinyero aja pa cilumba ca King William. Combo ca Erebus cinapezeka mu 2014, ca Terror mu 2016, ndipo pozifunafuna mbiri yapakamwa ya a Inuit inathandiza kwambiri. Woyamba kudutsa njira yonse ija ndi combo anali Roald Amundsen wa ku Norway, pakati pa 1903 ndi 1906. Mboni zimene zinanyozedwa zinanena zoona, koma mawu a pamwala ku Spilsby sanasinthe. Ine amene nchito yanga ndi ya pakamwa, yolankhula pa wailesi, nkhani imeneyi imandiwawa mwapadera: mawu olankhulidwa anali oona, osemedwa pamwala ndiwo anali okokomeza, komabe mwana wasukulu wodutsa pamsika amawerenga a pamwalawo.

Franklin sagendedwa mazira, cifukwa olakwiridwa ake ali kutali. Apa ndi pamene ndimakayikira bata la ziboliboli zakale. Tikaona Newton kapena Franklin ataima mwamtendere timaganiza kuti anthu onse anavomereza. Nthawi zina n'zoona. Nthawi zina kungoti otsutsa anafa, kapena amakhala tsidya la nyanja, kapena sadziwa kuwerenga Cingelezi. Ciboliboli ndi cigamulo, ndipo coipa cake n'cakuti woweruza amacoka, cigamulo n'kutsala cikulankhulabe kwa zidzukulu zimene sizinamve mboni.

Ndiye wogenda mazira ndimuika pati? Sindimuyamikira, poti wokolopa pamenepo m'mawa mwake ndi wanchito wa khonsolo amene sanatseke mgodi wa munthu aliyense. Apolisi anamulipiritsa cindapusa, ndipo sindikudandaula nazo. Koma sindingavomereze kuti iye yekha ndiye anasokoneza mtendere wa pabwalo. Bwalo ndi la onse. Amene anaikapo cigamulo cawo cotalika mamita opitirira 6, akudziwa bwino kuti anansi awo ambiri sakugwirizana naco, ndiwo anayamba kulankhula mokweza. Dzira linali yankho lopanda ulemu pa mawu amene sanasiye mpata woyankhira.

Kugwetsa ndi kuphwanya nakonso sindikukonda. Kumafafaniza umboni woti panali nthawi imene anthu ena ankalemekeza munthuyo, ndipo umboni umenewo ndi wofunika. Cimene ndimaona kuti n'canzeru ndi kutsitsa. Ife tinacitapo zimenezi mu 1975, pamene ciboliboli ca Mouzinho de Albuquerque atakwera kavalo cinacotsedwa pabwalo lalikulu la likulu lathu. Lero cili m'linga lakale la Fortaleza ku Maputo, kumene munthu amaciona ngati mbiri, osati ngati bwana. Ku Spilsby sipafunika ngakhale kusuntha kanthu. Cikwangwani cimodzi pambali, cofika m'maso mwa mwana, cochula John Rae ndi a Inuit, cingakwane.

Mu Lincolnshire momwemo muli zikumbutso za mtundu wina, zosakweza dzina limodzi. Ku Grimsby, doko limene kale linali limodzi mwa madoko akuluakulu a nsomba padziko lonse, anaimika mu 2005 msodzi wamkuwa akukoka khoka. Alibe dzina. Akuimira amuna ambirimbiri amene anapita kunyanja osabwerako, opanda manda oti amasiye awo akalirepo. Aliyense wokhala m'mbali mwa nyanja akudziwa kulemera kwa maliro opanda mtembo.

Cina cili pa phiri la Canwick, moyang'anana ndi chalichi cacikulu ca mzinda wa Lincoln. Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, ndege zambiri zoponya mabomba za Britain zinkanyamukira m'cigawo cimeneci. Malo okumbukira ankhondo amenewa, International Bomber Command Centre, anatsegulidwa mu 2018. Pali cipilala cacitsulo ca mamita 31, kutalika kofanana ndi mapiko a ndege ya Lancaster, ndipo mozungulira muli makoma a citsulo olembedwa maina pafupifupi 58,000 a amene anafa. Mlandu wa anthu amenewa ndi wolemera kuposa wa Mayi Thatcher. Ambiri anali anyamata a zaka za m'ma 20, olimbana ndi ulamuliro wa Hitler, koma mabomba awo anatentha Hamburg mu 1943 ndi Dresden mu 1945, n'kupha amayi ndi ana masauzande ambiri. Britain yeniyeniyo inacita nawo manyazi kwa nthawi yaitali, moti cikumbutso cawo ca ku London cinadzaima mu 2012.

Omanga a ku Canwick akanatha kuumba mkulu wa asilikali n'kumukweza patsinde. Sanatero. Analemba maina okha, opanda maudindo kapena mamendulo, pamakoma amene munthu amayenda pakati pake n'kukhudza ndi dzanja, ndipo m'nyumba yosungiramo mbiri anaikamonso nkhani za anthu amene mabombawo anawagwera. Mdzukulu wa woyendetsa ndege akhoza kupeza dzina la agogo ake, mlendo wocokera ku Dresden ataima pambali pake, popanda wina kuuzidwa kuti ayang'ane kumwamba.