Sizasi Yodulira Chibadwa cha Munthu: Kodi Idule Pati?

Ambiri a ife tikumudziwa mwana wodwala matenda a sickle cell: mafupa kuwawa usiku wonse, maso achikasu, magazi kuchepa kawirikawiri, ndipo anthu kumbaliku akunong'onezana kuti banjalo linalodzedwa. Si ufiti ayi. Mwana amadwala akatengera kachilema kamodzimodzi m'majini a bambo ndi a mayi omwe. Majini tikunena pano si mizimu ija timamva, koma malangizo a chibadwa olembedwa m'maselo a thupi lathu.

Mu 2012 amayi awiri asayansi, Jennifer Doudna wa ku America ndi Emmanuelle Charpentier wa ku France, anaonetsa njira yodulira malangizowa pamalo penipeni pamene munthu wafuna. Njirayi imatchedwa CRISPR, ndipo anaionera kwa mabakiteriya, amene amaigwiritsa ntchito podziteteza ku mavairasi. Mu 2020 analandira mphoto ya Nobel. Tsono sizasi ilipo. Nanga idule pati, ndipo wololeza ndani?

Tiyeni tione nkhani ziwiri. Kumapeto kwa 2023 dziko la Britain, kenako America, linavomereza mankhwala otchedwa Casgevy. Madokotala amatenga maselo opanga magazi a wodwalayo, n'kuwakonza kuti ayambenso kupanga mtundu wa magazi umene tonsefe tinali nawo tili m'mimba mwa amayi athu, kenako n'kuwabwezera m'thupi. Ambiri mwa amene analandira chithandizochi ululu uja unawasiya. Koma si ntchito yamasewera. Wodwala amayamba walandira mankhwala amphamvu opha maselo akale a m'mafupa, amagona m'chipatala masabata angapo, ndipo mankhwalawo angathe kumuchititsa kuti asadzabereke. Taganizani mtsikana wa zaka 16 atauzidwa kuti asankhe pakati pa ululu ndi mwana wa m'tsogolo. Komabe wosankhayo ndi mwiniwake pamodzi ndi makolo ake, ndipo chimene chasinthidwa chimathera m'thupi lake lomwelo.

Nkhani yachiwiri inachitika ku China. Mu Novembala 2018 wasayansi wina, He Jiankui, analengeza kuti kwabadwa ana amapasa aakazi amene anawasintha majini akadali miluza, kuti asadzatenge kachilombo ka HIV, popeza bambo awo anali nako. Asayansi anzake padziko lonse anamudzudzula, ndipo mu 2019 khoti linamulamula kukakhala kundende zaka zitatu.

Kodi n'chifukwa chiyani wina ayamikiridwa pamene wina amangidwa, chikhalirecho sizasi ndi imodzi? Choyamba, anawo sankadwala. Njira zotetezera mwana kuti abadwe wopanda kachilombo zinalipo kale, ndipo ife kuno tikuzidziwa bwino, pakuti ndi Malawi amene mu 2011 anayamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera amene wapezeka ndi kachilombo. Koma chachikulu n'chakuti chimene chadulidwa mu mluza chimalowa m'thupi lonse, mpaka m'mbewu yoberekera, ndipo chingapitirire kwa ana ndi zidzukulu. Sizasiyi nthawi zina imadula molakwika. Telala akalakwitsa nsalu amagula ina. Nanga mdzukulu amene sanafunsidwe akadandaule kwa yani?

Palinso china chotiphunzitsa kudekha. Kachilema komweka ka sickle cell, munthu akakatengera kwa kholo limodzi lokha, nthawi zambiri sadwala, ndipo kamamuteteza ku malungo aakulu. N'chifukwa chake kanafala kwambiri m'madera a malungo monga kwathu kuno. Chimene tinkachiona ngati cholakwika chokhachokha chapulumutsa ana osawerengeka. Ndani angatitsimikizire kuti majini ena amene tingafune kuchotsa sakugwira ntchito yobisika yotere?

Tisafulumire kudziyesa olungama. Mayi amene waika m'manda ana awiri chifukwa cha matendawa angatifunse kuti, ngati n'kotheka kukonza vutoli mwana asanabadwe, bwanji tidikire kuti ayambe wavutika? Funsoli n'lolemera, ndipo kumuyankha kuti kuvutika n'chifuniro cha Mulungu sikokwanira, poti sitinena choncho tikamathamangira kuchipatala ndi mwana wa malungo kapena tikamapita naye kukabayitsa katemera. Kuchiza si kupikisana ndi Mlengi. Ife tikuona kuti kuchiza munthu wodwala amene wavomera yekha n'koyenera kukulandira ndi manja awiri, koma kusintha mluza kudikire, chifukwa odziwa ntchitoyi akuvomereza okha kuti sanafike poichita mosalakwitsa. Ndipo tsiku limene adzafikepo, funso lina lidzatidikira pakhomo: amene wayamba n'kuchotsa matenda adzalekera pati, makolo a ndalama akadzayamba kufuna mwana wamtali kapena wakhungu loyererapo? Ife amene tikuona atsikana athu akudzola mafuta oyeretsa khungu sitinganene kuti zimenezi n'zongopeka.

Koma chimene chikutiwawa kwambiri lero ndi mtengo. Ku America chithandizo cha Casgevy anachiika pa madola 2.2 miliyoni munthu mmodzi. Pamene ana ochuluka kwambiri obadwa ndi sickle cell padziko lapansi amabadwira kuno ku Africa, ndipo ambiri amamwalira asanakwanitse zaka zisanu, ena osadziwika n'komwe chimene ankadwala. Chomvetsa chisoni n'chakuti zambiri zimene zingawapulumutse si zatsopano: kuyeza magazi mwana akangobadwa, penisilini wa tsiku ndi tsiku, katemera, kugona m'masikito, ndi mankhwala akalekale otchedwa hydroxyurea amene amachepetsa ululu. Mayi akaona kuti mwana wake akutupa manja ndi mapazi ali wakhanda, kapena akuikidwa magazi mobwerezabwereza, afunse adokotala kuti amuyeze sickle cell, ndipo ife a m'gulu lake timuperekeze.