Mulungu Anandiika Pampando Wachiwiri

Ambiri a inu kuno ku dera la Filipe Samuel Magaia, mumzinda wa Tete, mumandidziwa ngati bambo uja amadutsa mbandakucha atasenza thumba la mipira, atakoleka wenzulo m'khosi. Ana amandiitana kuti a Mister, koma Mister weniweni si ine ayi. Ndine wothandizira kochi wa timu ya ophunzira pa sukulu ina ya ukachenjede mumzinda muno, ndipo lero ndaimirira kuti ndiyamike Mulungu chifukwa cha udindo womwewu wa wachiwiri.

Ndinabadwira ku Angónia, kufupi ndi Ulónguè. Nkhondo itafika povuta, makolo anathawa nafe kupita ku Malawi, cha ku Dedza, ndipo kumeneko ndi kumene ndinayamba kumenya chikulunga, phazi lopanda nsapato. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992 tinabwerera kumabwinja kwathu. Ndinkasewera kumbuyo m'timu ya m'mudzi, mtima wonse uli poti tsiku lina ndidzavale jezi ya timu ya Chingale. Bondo linakana. Ndinagwa molakwika pamasewero ena, ndipo kuthamanga kwanga kunathera pomwepo.

Malasha a ku Moatize atayamba kukoka anthu, zaka zija kampani ya Vale inkakonza mgodi umene unayamba kutulutsa malasha mu 2011, nane ndinatsika kumapiri kudzafuna ganyu. Munthu wozolowera chisanu ndi mbatata ya kachewere, ndinakumana ndi dzuwa la Tete la mwezi wa Okutobala, lopyola madigiri 40, mpaka ndinkafunsa ngati Mulungu amadutsako kuno. Ndinapeza ntchito ya ulonda pa kampani ina yaing'ono. Kontrakiti itatha anatiuza kuti adzatiimbira foni, ndipo foniyo mpaka lero sinalire.

Ulova ndi umene unanditengera ku bwalo. Madzulo ndinkakhala pamwala n'kumaonera ana a m'dera lino akukankhana pafumbi, onse kuthamangira kumene kuli mpira. Pakamwa panandiyabwa. Ndinayamba kuwauza kuti iwe ima apa, iwe usachoke kumbuyo, ukalandira mpira yamba wadzutsa mutu. Mphunzitsi wina wa zamasewero wa ku sekondale anandiona, n'kundipempha kuti ndizimuthandiza pokonzekera mpikisano wa masukulu. Malipiro analibe, anali ndi botolo la madzi ndi mawu akuti zikomo. Kuchoka apo ndinakathandiza timu ya achinyamata ya kalabu ina, kumene miyezi inkadutsa osaona ndalama, mayi a kunyumba akutisunga ndi geni ya malambe ndi masau pamsika.

Ntchito ya wothandizira kochi anthu saidziwa, poti siioneka pa kanema. Ndimadzuka kusanache chifukwa kuno ukachedwa dzuwa likupsereza anyamata. Ndimapopa mipira, kudzaza zigubu zamadzi, kuthira laimu m'mizere ya bwalo, ndipo laimu akasowa phulusa limagwira ntchito. Ndimaika makoni, kuyambitsa zotenthetsa thupi, kumanga bandeji pa akakolo. Pamasewero ndimakhala ndi kope pamwendo, n'kumalemba kuti wataya mpira ndani, pati, mphindi iti. Kuti wa kumanzere wa adani amatopa chigawo chachiwiri. Kuti goloboyi wathu amaopa mipira yam'mwamba. Nthawi yopuma ikakwana ndimanong'oneza kochi zimene ndaona, iye n'kukazinena mokweza kwa osewera. Tikapambana amanyamula iyeyo. Tikagonja, anyamata amabwera kudzalirira kwa ine.

Mu 2017 União Desportiva do Songo inatenga chikho cha ligi ya Moçambola pansi pa kochi Chiquinho Conde, ndipo aka kanali koyamba kuti ulemu umenewo ubwere m'chigawo chathu cha Tete. Anabwereza mu 2018 ndi mu 2022. Chaka choyambacho ndinakwera minibasi kupita ku Songo kukaonera masewero amodzi. Anzanga maso anali pa mpira, anga anali pa benchi, pa anthu okhala pambali pa kochi, mmene ankalembera ndi mmene ankaitanira wosewera kuti akonzeke kulowa. Ndinabwerera ndi njala yoti ndiphunzire. Maphunziro a laisensi ya CAF, amene bungwe la mpira la dziko lino limayendetsa, amafuna ndalama, ndipo ine ndinalibe. Amayi a chigwirizano a mpingo uno anasonkherana mwakachetechete, n'kupatsa mkazi wanga mametikali atakulunga pansalu. Amayi anga, mukudzidziwa nokha. Mulungu akubwezereni pamene munachotsapo.

Ndi ndalamazo ndinaphunzira, ndipo satifiketi yake ndi imene inanditsegulira khomo la sukulu imene ndikugwirako. Mzinda wathu tsopano uli ndi ophunzira ambiri, a ku Instituto Superior Politécnico de Tete, a ku Universidade Púnguè, a ku UniZambeze, ndipo ambiri mwa iwo anachokera kutali, makolo ali ku Macanga, ku Mutarara, ku Zumbo. Amabwera ku mpira atatopa ndi mabuku, ena asanadye kanthu.

Patapita nthawi kochi wamkulu anachoka. Ndinasala kudya, ndinapemphera, mpaka ndinasita malaya oti ndidzavale tsiku lolandira mpando. Mpandowo unapita kwa mnyamata wa digiri ya zamasewero, msinkhu wa mng'ono wanga wotsiriza. Sindikunamizeni, abale, nsima inandikanika kumeza. Lamulungu lotsatira abusa analalikira za Mose ali paphiri, Yoswa akumenya nkhondo kuchigwa. Manja a Mose atalema, Aroni ndi Huri anamukhazika pamwala, n'kumugwirira manjawo wina uku wina uku kufikira dzuwa litalowa. Ndinadzifunsa kuti kodi ndi angati m'tchalitchi muno anatcha mwana wawo dzina loti Huri? Palibe. Komatu Huri akanasiya dzanja lija, nkhondo ikanatembenuka. Lolemba ndinafika ku bwalo kochi watsopano asanafike, ndipo atafika ndinamupatsa kope langa lonse, la zaka zonse, ndinati, “Mister, anyamata anu ndi awa.” Anandiyang'ana, n'kuyankha kuti, “Bambo, musandisiye ndekha.” Kuyambira tsiku limenelo iye amandiphunzitsa zojambula masewero pa kompyuta, ine ndimamuphunzitsa kuwerenga nkhope ya mwana wanjala.

Chimene Mulungu ankandisungira ndinachiona mu Januwale 2022, namondwe Ana atawomba. Mtsinje wa Revúbuè unasefukira, mlatho wopita ku Moatize unaduka, ndipo ngakhale mkulu wa boma la Tete anatengedwa ndi madzi. Anyamata athu ena ankachita lendi cha ku Chingodzi. Pa sukulu yonse, amene ankadziwa khomo la aliyense wa iwo, nambala yake ya foni ndi ya makolo ake, ndinali ine, chifukwa ndi ntchito ya wachiwiri kulondola mwana amene wajomba ku masewero. Ndinawoloka mlatho wa Samora Machel wapansi n'kuyamba kuwafufuza mmodzimmodzi. Wina ndinamupeza atakhala pakhonde la sukulu ina, malaya onyowa, atakumbatira chikwama cha mabuku ndi nsapato za mpira basi. Atandiona sanalankhule, anangogwira dzanja langa. Onse anapezeka amoyo. Ena anagona pabalaza pathu milungu ingapo, mayi a kunyumba akuphika nsima ya nsomba za chicoa mumphika wa pamaliro. Mnyamata wa chikwama uja anamaliza maphunziro ake a zamigodi, ndipo pa ukwati wake anandikhazika pampando wa bambo ake, amene anamwalira iye ali wamng'ono.

Pali chinanso. Pokhala pakati pa anthu ophunzira, manyazi anandigwira kuti ndinalekezera sukulu panjira. Anyamata omwewa, amene m'mawa ndimawathamangitsa, usiku ankandiphunzitsa masamu ndi Chipwitikizi, ndipo ndinakhoza mayeso a kalasi 12 imvi zili kale m'mutu. Mwana wanga wamkazi woyamba tsopano ali pa sukulu yomweyi. Akadutsa pa bwalo n'kundiona ndikutola makoni sabisala, amakuwa kuti “Ababa!” anzake onse akumva.

Ndikupempha mapemphero anu pa zinthu ziwiri. Bondo lija layambanso kutupa, ndipo ndikufuna mphamvu zoti ndipitirize. Chachiwiri, goloboyi wathu ali ndi mayeso obwereza mwezi uno, ndipo akalephera makolo ake sangathe kumulipirira chaka china. Mumukumbukire pa maondo anu. Ambuye alemekezeke. Amen.