MUWALE UCITA MALUWA M'CILIMWE

Kuwerenga: Yeremiya 17:5-8, Numeri 17:1-11

Ambiri a ife tikonda maluwa pakhomo. Tikatuluka m'Cigwirizano tipemphana mbeu, tibzala m'zitini ndi m'matayala akutha, ndipo m'mawa tithirira ndi madzi otsukira mbale. Koma ukafika mwezi wa Okutobala, madzi nayamba kuvuta ku mjigo, maluwa aja ndiwo ayamba kufota. M'caka ca 2024, pamene mvula inakana ndipo boma linalengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse, ambiri tinangowaleka kuti aume. Ndani akanathirira duwa ana alibe madzi osamba?

Koma amene ayenda m'njira za kumudzi nyengo yotere aona cinthu cina. Muwale uima wopanda tsamba, koma nsonga za nthambi zake zili psuu ndi maluwa. Muwawani nawo uvala maluwa acikasu. Palibe munthu aipatsa madzi ngakhale kapu imodzi.

Jakaranda wa m'miseu ya Lusaka anacokera ku South America, ndipo tim'konda. Si kulakwa. Cacisoni ndi cakuti mitengo imene Mulungu anabzala m'dziko lathu tiiyesa ya kuthengo cabe, yoyenera nkhwangwa ndi makala. Lero tiyeni tikhale pansi pake, itiphunzitse zinthu zitatu.

1. Muzu ndiwo uyamba

Kamtengo ka m'thengo lathu kakamera, kakhala kakafupi zaka zingapo. Wodutsa angaganize kuti sikakula. Nchito yake ili pansi, kumene muzu ulikutsika kufuna cinyontho. Moto wa lupsa ukapita, kapsa pamwamba, koma mvula ikadza kaphukanso. Ndi cifukwa cake mitengo ya miombo itulutsa masamba ofiira a nthete mu Seputembala, mvula isanagwe.

Mneneri Yeremiya ayerekeza munthu wokhulupirira Yehova ndi mtengo umene mizu yake yafika pa madzi. Taonani kuti sanalonjeze kuti kutentha sikudzafika. Caka ca cilala cifikira onse, wopemphera ndi wosapemphera. Kusiyana kuli pa muzu. Mai amene atsegula Buku Lopatulika m'nyumba mwake, napemphera m'bandakuca anthu ali m'tulo, alikutsitsa muzu. Yunifomu ioneka pa msonkhano, muzu suoneka. Koma tsiku la maliro kapena la njala ndilo lionetsa pamene tinazika.

2. Ndodo youma iphuka

Pa Numeri 17 ana a Israyeli anali kung'ung'udza za amene Mulungu anam'sankha. Mose anaika ndodo za akulu a mafuko m'cihema, ndipo m'mawa mwake ndodo ya Aroni inapezeka itaphuka, ili ndi maluwa ndi zipatso za katungurume. Inali ndodo yodulidwa, yonga zinzake zonse. Moyo wake unacokera kwa Mwini moyo.

Muwale utikumbutsa nkhani imeneyi. Mukadula nthambi yonenepa ngati dzanja lanu, ndi kuizika m'nthaka mvula ili pafupi, igwira. Masabata oyamba ioneka ngati mzati wa mpanda. Pambuyo pake muona timasamba.

Pakati pathu alipo amai amene moyo unawadula. Mwamuna anamwalira, acibale natenga katundu mpaka mapoto. Ena alera adzukulu amasiye ndi manja opanda kanthu. Ena ali m'banja, koma akhala zaka osamva mau abwino. Amai, ngati ndinu, musanene kuti nchito yanu mu Mpingo inatha. Ambuye Yesu anadulidwa pa mtanda, naikidwa m'manda, ndipo tsiku lacitatu anauka. Iye ndiye moyo wa nthambi yodulidwa. Muwale uoneka bwino koposa pamene masamba ake onse athothoka, cifukwa palibe cobisa maluwa. Momwemonso cisomo ca Mulungu cioneka poyera mwa mai amene zonse zinam'coka, koma ayamikabe ndi kutonthoza anzake.

3. Mtengo uliwonse uli ndi nthawi yake

Msangu ucita zosiyana ndi mitengo inzake. Mvula ikagwa utaya masamba, cimanga ca pansi pake nicilandira dzuwa ndi manyowa. M'cilimwe ndipo ubiriwira, ndipo mbuzi ndi ng'ombe zidya nyemba zake. Mvunguti utsegula maluwa ake ofiira usiku, ndipo odzamwa timadzi take ndi mileme. Ife tingoona maluwa atagwa pansi m'mawa.

Alipo amai a mvunguti mu Cigwirizano. Saimba patsogolo, sanasankhidwepo pa udindo, koma ndiwo agona pansi m'cipatala pambali pa wodwala, ndiwo atsala pa moto wa pamaliro anthu atabalalika. Atate amene aona zobisika awadziwa. Tisanyoze mnzathu cifukwa sacita maluwa nthawi imodzi ndi ife, ndipo tisadziderere ife eni.

Ticitenji tsono?

Mau a Mulungu afuna manja. Tsiku la 15 Disembala ndilo lobzala mitengo m'dziko lathu, ndipo nthaka ikhala itanyowa. Mai aliyense abzale mtengo umodzi wa kwathu pakhomo pake. Muwale ukhale ku mpanda, pakuti uli ndi minga, ndipo ana muwacenjeze kuti njere zake zofiira sadya. Amene malo ndi ocepa asankhe mpandula, citsamba ca maluwa oyera, kapena mkole, umene ena ati mtowo, wa maluwa acikasu ndi zipatso zimene ana akonda kutafuna. Mvunguti ndi msangu zifuna malo aakulu, kutali ndi nyumba, cifukwa ndi mitengo ikuluikulu ndipo zipatso za mvunguti ndi zolemera. Chingirani kamtengo ndi njerwa kapena minga kuti mbuzi zisadye, ndipo kathirireni cilimwe coyamba kufikira muzu utatsika.

Pobzala itanani mwana wanu wamkazi kapena mdzukulu. Muuzeni dzina la mtengowo m'cinenero cathu, ndi kum'fotokozera za ndodo ya Aroni. Paulo pa Tito 2:3-5 anapatsa amai aakulu nchito yophunzitsa acitsikana. Mwina ife sitidzakhala mu mthunzi wake, koma iwo adzakhalamo, nadzakumbuka amene anabzala ndi Mulungu amene anam'tumikira.

Pemphero

Atate wathu wa Kumwamba, tiyamika cifukwa ca mitengo imene munabzala m'dziko lathu. Tikhululukireni pamene taiononga mosasamala. Tsitsani mizu yathu mwa Kristu, kuti cilala cikafika tisaume. Kumbukirani amasiye ndi onse odulidwa mtima, muwaphukitsenso. M'dzina la Yesu Kristu Ambuye wathu. Amen.