Diso Losakondera ndi Mtengo wa Nyumba

Mtengo wa nyumba sulembedwa pa njerwa kapena pa malata, ndipo palibe sikelo imene ingaikidwe kunsi kwa maziko kuti ionetse kuti nyumbayo ndi ya ndalama zingati. Nkhaniyi inasautsa kale Aristotle, amene m'buku lachisanu la Nicomachean Ethics anaika womanga nyumba pambali pa wosoka nsapato, nafufuza kuchuluka kwa nsapato zimene zingalingane ndi nyumba imodzi. Thomas Aquinas, polemba m'zaka za m'ma 1200, anaphunzitsa kuti mtengo woyenera sudziwika ndendende koma umadalira kuyerekeza, kotero kuti kupitirira kapena kuperewera pang'ono sikuphwanya chilungamo. Ngati mtengo uli chigamulo cha munthu osati muyeso, funso lalikulu limakhala lakuti ndani ayenera kugamula, ndipo akhulupiriridwe pa chifukwa chanji.

Chilamulo cha Mose chinali ndi yankho lake. Pa Levitiko 27, munthu akapereka nyumba yake kwa Mulungu, wansembe ndiye ankaiona ngati ili yabwino kapena ayi n'kutchula mtengo, ndipo mawu akewo ankakhala omaliza. Mwini nyumba akafuna kuiwombola ankalipira mtengowo n'kuwonjezerapo gawo limodzi mwa magawo asanu. Mwiniyo sankaloledwa kudzitchulira mtengo, ndipo nzeru yake ndi yoonekeratu, pakuti amene wakhetsera thukuta pa khoma saona mng'alu monga mmene amauonera mlendo.

Ku United States udindo wotere uli m'manja mwa akatswiri oyesa mtengo wa nyumba, amene banki imawatuma isanabwereketse ndalama, popeza nyumbayo ndiyo chikole cha ngongole. Mabungwe ambiri osunga ndi kubwereketsa ndalama atagwa m'zaka za m'ma 1980, lamulo la FIRREA la 1989 linafuna kuti zigawo za dzikolo zizipereka ziphaso kwa akatswiriwa potsata miyezo ya bungwe la Appraisal Foundation. Wofuna chiphaso chotchedwa Certified Residential amaphunzira maola 200, amagwira ntchito maola 1,500 pa miyezi yosachepera 12, kenako amalemba mayeso. Zimene amaphunzira ndi za m'manja: kuyeza makoma, kuunika denga ndi zipinda, ndi kusankha nyumba zosachepera zitatu zofanana nayo zimene zagulitsidwa posachedwa m'dera lomwelo. Ngati imodzi mwa nyumbazo ili ndi galaja pomwe yoyesedwayo ilibe, katswiri amachotsa mtengo wa galajayo pa ndalama zimene inagulidwira, ndipo amachita chimodzimodzi ndi kusiyana kulikonse kumene wapeza. Ntchitoyi imaoneka ngati masamu okhaokha, komabe kusankha nyumba yoyerekezera iyi n'kusiya iyo ndi chigamulo, ndipo pamenepo ndi pamene chikumbumtima chimalowerera.

Mbiri yasonyeza kuti chidziwitso pachokha sichikwanira. Kuyambira 2000 mpaka 2007, akatswiri okwana 11,000 anasaina chikalata chodandaula kuti obwereketsa ndalama ankawakakamiza kukweza mitengo kuti ngongole zidutse, ndi kuti okana ankamanidwa ntchito. Amene anagonja pa chikakamizocho anali ndi ziphaso zofanana ndi za amene anakana. Onse ankadziwa kuyeza, koma anasiyana pa kulimba mtima. Mitengo itagwa ndipo msika wa ndalama utasokonekera mu 2008, mabanja ambiri anapezeka ali ndi ngongole yoposa mtengo wa nyumba zawo. N'chifukwa chake lamulo la Dodd-Frank la 2010 linaletsa kukakamiza woyesa mtengo, pamwamba pa malamulo a ntchitoyi otchedwa USPAP, amene amaletsa katswiri kulandira malipiro odalira kukula kwa mtengo umene watchula.

Ena anganene kuti ngati mayeso sayeza mtima, ndiye kuti chiphaso ndi pepala chabe. Mawu amenewa ali ndi mbali yoona, pakuti boma silingalenge kukhulupirika mwa munthu. Koma amaiwala kuti chiphaso chimamangirira dzina la munthu pa chigamulo chake, ndiponso kuti ndi chinthu chimene chingalandidwe. Wansembe ankaopa Mulungu amene ankamutumikira, pomwe katswiri wa lero wapatsidwa china choti aope kutaya, kuti kunena zoona kusamudulire kwambiri kuposa kunama. Choncho chiphaso sichichitira umboni kuti mwini wake ndi wolungama, koma chimamuika pamalo pamene kulungama kumayembekezeka kwa iye ndipo kungafufuzidwe. Mayeso ake enieni amafika tsiku limene wogula, wogulitsa ndi banki agwirizana kale pa mtengo umodzi, nyumba zitatu zoyerekezera zikuloza mtengo wotsikirapo, ndipo pepala likudikira siginecha yake.