Kodi akadali makina a agogo?

Chinthu ukachikonza mpaka zitsulo zake zonse n'kusinthidwa, chimakhalabe chomwecho? Agiriki akale ankatsutsana za funsoli pokamba za chombo cha Theseus. Kwathu ku Jenda timatsutsana za makina osokera a Singer amene agogo anabwera nawo kuchokera ku Joni, boma lisanaletse Wenela mu 1974. Lamba tinasintha, chopondera tinawotcherera, thabwa litadyedwa ndi chiswe mmisiri wa pa Mzimba boma anapala lina. Ine ndimati ndi omwewo, chifukwa palibe tsiku limene tinawataya. Mlongo wanga amakana. Iye amati agogo ali m'mutu wachitsulo wa makinawo, ndipo ngakhale wayamba kudula ulusi, salola kuti tiusinthe.