Kupatsa Mlendo N'kuika Kuti?

Agogo anga ankakonda kunena kuti kupatsa n'kuika. Ndinakula ndi mawu amenewa osawafunsa, monga momwe mwana safunsira chifukwa chimene nsima timadyera ndi dzanja lamanja. Tanthauzo lake n'lodziwika: nkhuku imene wapatsa mnzako lero siinatayike ayi, waisungitsa, ndipo tsiku lina idzabwerera kwa iwe, mwina itasanduka mbuzi. Komatu mwambiwu uli ndi phata lake limene sitilitchula. Umafuna kuti wopatsa ndi wopatsidwa akhale pamalo amodzi kwa nthawi yaitali, kuti choikidwacho chipeze njira yobwerera kwa mwini wake. Nanga munthu amene ukudziwa bwino lomwe kuti Lolemba anyamuka ndipo sudzamuonanso, ukam'patsa kanthu ndiye kuti waika kuti?

Funso limeneli linandipeza ndili kutali ndi kwathu. M'chaka cha 2018 ndinapita ku America, m'chigawo cha Indiana, kukachita maphunziro a miyezi inayi okhudza ntchito yanga ya m'boma. Anzanga a m'boma akudziwa kuti ife tikapita kunja, dola iliyonse timaiwerenga ngati lata la padenga. Choncho nditamva kuti kunja kwa tauni kuli kalavani yotchipa ya lendi, sindinazengereze. Ndinalowamo kumayambiriro kwa Seputembala.

Kalavaniyo inali pamalo amene ine ndidzawatcha pamsasa. Ndi dambo lalikulu la mwini wake, lodulidwa timagawo ngati mapuloti. Kagawo kalikonse kali ndi mpopi wa madzi, polumikizira magetsi, tebulo la matabwa ndi posonkhera moto. Munthu amafika ndi nyumba yake ya matayala, n'kulipira pa usiku kapena pa mwezi. Nyumba zoterezi ku Indiana si zachilendo, poti zambiri mwa izo zimapangidwira komweko, mumzinda wa Elkhart ndi madera ozungulira. Ambiri amabwera pamsasa Lachisanu madzulo kudzapumula n'kubwerera kwawo Lamulungu. Koma mzere umene ndinali ine unali wa anthu opanda nyumba ina iliyonse. Kwawo kunali pomwepo, pamwamba pa matayala.

Poyamba ndinkayesa kuti onse ndi amodzi, koma ayi. Ena anali opuma pantchito amene anagulitsa nyumba mwa kufuna kwawo n'kugula galimoto yaikulu ngati basi, yokhala ndi bafa ndi khitchini momwemo. Ena anali pamenepo chifukwa nyumba zawo zinalandidwa ndi mabanki pa mavuto a zachuma a mu 2008, kapena chifukwa lendi ya m'tauni inawakulira. Awa ndiwo ankasesa zimbudzi ndi kutchetcha kapinga kuti asalipire malo, ndipo ena ankayenda mtunda wautali mu Okutobala kukagwira ganyu yokolola mizu yopangira shuga ku North Dakota ndi ku Minnesota. Moyo wa anthu otere ndi umene Jessica Bruder analemba m'buku lake la Nomadland mu 2017. Makalata a ena mwa aneba anga ankafikira ku Livingston, ku Texas, kumene bungwe la Escapees, lomwe linayamba mu 1978, limalandirira anthu ake makalata n'kumawatumizira kumene ali. Tangoganizani, munthu boma likum'dziwa ngati nzika ya tauni imene mwina anagonamo masiku awiri okha!

Ndili mkati mozolowera, nyengo inatembenuka. Mwezi wa Okutobala, pamene kwathu kuno dzuwa limaswa mtengo, kumeneko mitengo imasanduka yofiira ndi yachikasu, kenako masamba n'kuyoyoka onse. Ndi nthawi yawo ya masika. M'mbali mwa misewu muli maungu ogulitsa milumilu, ndipo m'minda makina akukolola chimanga usana ndi usiku. Pamsasa panayamba chipwirikiti. Anthu ankasema maungu kuti aoneke ngati nkhope, n'kuikamo nyali. Ankapachika mafupa apulasitiki m'mitengo, akangaude abodza, nsalu zoyera ngati mizukwa. Thirakitala inkakoka ngolo yodzaza udzu wouma, ana atakwera pamwamba, kuzungulira msasa wonse. Kunali mpikisano wophika nyemba zosakaniza ndi nyama yogaya ndi tsabola, ndi mpikisano wina woona amene wakongoletsa bwino malo ake.

Chimene chinandidabwitsa n'chakuti sankadikira tsiku lenileni la mwambo. Halloween imakhala pa 31 Okutobala, usiku wotsogolera tsiku la Oyera Onse, ndipo chaka chimenecho inali Lachitatu. Iwo anaichita Loweruka lililonse la mweziwo. Thanksgiving, chikondwerero chothokoza chimene Abraham Lincoln anachilengeza ku dziko lonse mu 1863, nkhondo ya pachiweniweni ili mkati, chimachitika Lachinayi lachinayi la Novembala. Pamsasa anachikokera kumapeto kwa Okutobala. Chifukwa chake chinali chimodzi: ikafika Novembala, ambiri amakhala atathawa chisanu, alowera ku Florida, ku Texas kapena ku Arizona. Anaona kuti n'kwabwino kuphonya tsiku kusiyana n'kuphonya anthu.

Apa ndiyenera kuulula. Loweruka loyamba la Halloween ine ndinadzitsekera m'kalavani n'kuzimitsa nyali ya pakhomo, chomwe ndi chizindikiro chakuti ana asagogode kudzapempha maswiti. Ndinadziuza kuti n'chifukwa cha chipembedzo changa, ndipo mbali ina zinali zoona, poti munthu wokulira kwathu kuno saseka akaona chigaza chili pamtengo. Koma nditagona chagada n'kumamva ana akudutsa, ndinadziwa kuti panali chifukwa china. Thumba la maswiti linali madola angapo. Anawo sindinkawadziwa, makolo awo sindidzawaonanso, ine mwini ndichoka mu Disembala. Nditayirenji ndalama pa anthu amene sadzandiika m'manda?

M'mawa mwake ndinapeza pasitepe mbale yovundikira, muli kagawo ka chikondamoyo cha dzungu. Anasiya ndi mayi ena achikulire, amasiye, amene kalavani yawo inayang'anizana ndi yanga. Pobweza mbaleyo ndinayamba kupepesa kuti dzulo sindinatuluke. Iwo anangoti, "Ndinaona kuti kwanu kuli mdima, ndiye ndinati mwina mwasowa kwanu." Sanafunse china. Ndinabwerera ndi manyazi, pakuti mbale ndinaibweza yopanda kanthu, zimene amayi anga sakanalola.

Patapita milungu iwiri kunazizira usiku mpaka madzi anaundana m'paipi yolowetsa madzi m'kalavani yanga. Ndinatuluka m'bandakucha ndi tochi, osadziwa ngakhale poyambira, ndipo ndinali pafupi kuthira madzi owira papaipipo. Bambo ena a mzere womwewo, amene anagwira ntchito yoyendetsa malole moyo wawo wonse, anandiona ali pawindo. Anatuluka atavala chijasi pamwamba pa zogonera, anamasula paipiyo, kukaisungunula m'kalavani mwawo, kenako n'kuikulunga ndi chingwe chamagetsi chotenthetsa ndi thonje lake. Anandionetsanso mmene ndingatchingire kunsi kwa kalavani kuti mphepo isamadutse. Zinatenga pafupifupi maola awiri, iwo atagwada pamiyala yozizira, mawondo ake a munthu wa zaka zopitirira 70. Nditatulutsa chikwama anapukusa mutu.

"Bambo, nanga ndikubwezerani bwanji poti mwati mukunyamuka sabata yamawa?" ndinafunsa.

"Chingwecho nanenso anachita kundipatsa," anatero, n'kubwerera kukagona.

Chidyerano cha Thanksgiving chinachitikira m'chisakasa chachikulu pakati pa msasa. Mwini malo anaotcha nkhukundembo, ena onse aliyense anabwera ndi mbale yake, monga momwe ankachitira makolo athu pa chidyerano. Ine ndinaphika nsima ya ufa wachikasu umene ndinaupeza m'sitolo, ndi nkhwani zotendera. Masamba a maunguwo ndinachita kupempha kwa mlimi wina wapafupi, amene anandiyang'ana ngati ndazungulira mutu, poti kumeneko masamba a dzungu sawayesa ndiwo. Anthu analawa, ena mwaulemu chabe, ena anabwereza. Wa basi yamtengo wapatali ndi wosesa zimbudzi anakhala pabenchi imodzi. Lolemba lake m'mawa ndinadzuka n'kupeza malo a bambo aja ali pululu, patangotsala zizindikiro za matayala pamasamba onyowa. Sitinatsanzikane. Keyala yawo ndilibe.

Kuchokera nthawi imeneyo ndakhala ndikulimbana ndi nkhaniyi, ndipo sindifuna kunamiza owerenga kuti pamsasa paja ndinapeza mudzi woposa wathu. Ubale wa pamenepo ndi wopepuka, ndipo mwina n'chifukwa chake ndi wokoma. N'kosavuta kukomera mtima munthu amene sadzakubwereka feteleza, sadzakangana nawe za malire a munda, ndipo mbuzi zake sizidzadya chimanga chako. Ukatopa ndi neba wako umangoliza injini. Ndinaonanso malire ake a ubalewo. Bambo wina wa kumapeto kwa mzere atadwala kwambiri, anthu anasonkha kangachepe, anam'perekeza kuchipatala, anam'dyetsera galu wake. Koma itakwana nthawi yothawa chisanu, onse ananyamuka, ndipo amene anabwera kudzasenza mtolowo anali mwana wake wamkazi wochokera kutali. Maungu owala aja ankabisanso zambiri. Ena mwa amene ankaseka kwambiri pa ngolo ya udzu anali oti akalephera kulipira mwezi umodzi, mwini malo ali ndi mphamvu yowauza kuti asamuke. Chibale ndi fupa, sichiola. Za pamsasa zija si fupa ayi.

Komabe mudzi wathu nawonso ndiufunse. Timapita kumaliro mwaunyinji, inde, koma ndani sadziwa kuti m'midzi yambiri muli kaundula, wolembedwa kapena wa m'mutu, wa amene amabwera ndi amene sabwera? Wojomba kumaliro a anzake, tsiku likadzam'gwera adzukulu amam'kanira kukumba manda. Sindikunyoza dongosolo limeneli. Lasunga anthu osauka kwa mibadwo yambiri, kopanda inshuwalansi kapena penshoni. Koma tivomereze kuti mbali ina ya chifundo chathu ndi mantha, ndipo mbali ina ndi malonda. Munthu amene amangopatsa okhawo amene adzam'bwezera sitingadziwe ngati ndi wopatsa kapena ndi wochenjera chabe. Ngakhale iye mwini sangadziwe, mpaka tsiku limene adzakumane ndi wosowa amene sangabweze. Ine tsiku limenelo linandifikira Loweruka lija, ndipo ndinazimitsa nyali.

Mawu a bambo a malole aja ndi amene andivutitsa koposa. Sananene kuti anandithandiza chifukwa ndi munthu wabwino. Ananena kuti chingwecho nawonso anapatsidwa. Ndiye kuti nawonso ankaika, kungoti nkhokwe yawo inali ina. Sankaika mwa ine kuti ine ndidzawabwezere. Ankaika m'gulu lonse la anthu oyendayenda, podziwa kuti tsiku lina, m'chipululu cha Arizona kapena kwina kulikonse, galimoto yawo ikadzafa, adzatuluka munthu wina wosam'dziwa atavala chijasi. Wina anganene kuti amenewonso ndi malonda, angotalika njira. Mwina n'zoona. Koma ndi malonda opanda kaundula, opanda mboni, opanda mfumu yolipiritsa wojomba. Amene walandira akhoza kungonyamuka osapatsako wina, ndipo palibe angadziwe. Zonse zatsamira pa chikumbumtima cha munthu amene ali yekha pamsewu. Ine zimenezi zimandiopsa, komanso zimandichititsa nsanje.

Nsanjeyo ili ndi chifukwa chake. Nditabwerako ndinazindikira kuti moyo wa pamsasa sunali wachilendo kwa ine monga ndinkaganizira. Ife a m'boma timakhala m'nyumba zosakhala zathu, ndipo kalata imodzi yochokera kulikulu imatha kutinyamula pakati pa chaka. Pa zaka zimene ndagwira ntchito ndasamuka kasanu. M'nyumba zonsezo sindinabzalemo mtengo ngakhale umodzi, koma mango a anthu amene anakhalamo kale ndadya, ana anga adya, mpaka ena tinkagulitsa. Neba akafika ndi lole ya katundu ndinkasuzumira pawindo n'kumayerekeza kuti akhala zaka zingati ndisanaganize zokam'lonjera. Za chitukuko cha pamalo ndinkati n'za eni nthaka. Ndalama zanga zonse za maliro ndi maukwati zinkapita kumudzi, kumene kuli manda a makolo anga ndi kaundula amene ndimamuopa. Mlendo ndi mame, timatero, ndipo mwambiwu ndinkautenga ngati chilolezo. Sindinkaganiza kuti mame omwewo, pa kanthawi kochepa kamene amakhala, amanyowetsa udzu.

Sindinasanduke munthu wina. Ndikadali woumira, akazi anga angachitire umboni. Koma dzinja la chaka chatha ndinagula mbande zitatu, ziwiri za mango ndi imodzi ya mapeyala, n'kuzibzala kuseri kwa nyumba ya boma imene tinkakhala. Mvula itangosiya, kalata yosamutsa inafika. Tsiku lopakira katundu akazi anga anaima pamitengopo, imene inali isanafike n'komwe m'chiuno, n'kunena kuti, "Bambo, tizule izi tikabzale kumudzi. Obwerawo mukuwadziwa?"

Ndinayankha kuti sindikuwadziwa. Ndinaima kanthawi, khasu lili m'manja, ndipo kunena zoona mtengo wa mapeyala uja ndinaufuna. Pomaliza ndinakumba timigula tosunga madzi kuzungulira mtengo uliwonse, n'kupempha mnyamata wa neba kuti azithirira mpaka alendowo atafika. Ndamva kuti m'nyumbamo munalowa banja loweta mbuzi.